Kodi Mwana wa M'chigafa Adalakwanji?

Pali tsankho lina limene silinyamula chibonga, silitukwana munthu pamsewu, ndipo silitchulidwa kaŵirikaŵiri pa guwa, koma likudya ana athu mwakachetechete monga chiswe m'nsichi za nyumba. Tsankho limeneli ndi lija lonena kuti kujambula, kusema, kuumba, kuimba ndi zisudzo ndi chuma cha ana a anthu olemera ndi a m'mizinda, pamene mwana wa mlimi wa fodya kuno ku Kasungu manja ake adalengedwera khasu, singano yosokera fodya ndi jeke yodindira mabelo basi. Ife tikukana. Mulungu pogaŵa luso sayang'ana denga la nyumba imene mwana wabadwiramo, kaya ndi la malata kaya ndi la udzu. Amene amasankha ndi anthu, ndipo chimene anthu adakhotetsa anthu omwewo angathe kuchiongola.

Tiyambe ndi zimene maso athu akuona. Kum'maŵa kwa boma la Kasungu, ku Mtunthama, kuli sukulu ya Kamuzu Academy, imene mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. Hastings Kamuzu Banda, adaitsegula m'chaka cha 1981, pafupi ndi mtengo wa kachere umene amati iye adaphunzirirapo ali mwana. Sukuluyi idamangidwa mokongola ndithu, yokhala ndi nsanja ya wotchi, nyumba yaikulu ya mabuku ndi dziŵe lokumba patsogolo pake. Ana adayamba kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo pa zaka zoyambazo aphunzitsi ankachokera kunja, makamaka ku Britain. Kumeneko nyimbo ndi zojambula zili ndi nthaŵi yake, malo ake ndi aphunzitsi ake. Poyamba ana ankaloŵa mwa kusankhidwa m'maboma onse a dziko lino, osalipira kanthu; koma chichokere Dr. Banda pampando mu 1994, khomo limeneli limatsegulidwa makamaka ndi ndalama. Ana ophunzira kumeneko sitikuwachitira nsanje, pakuti naonso ndi ana athu. Chimene sukuluyi ikutiululira ndi ichi: dziko lino limadziŵa bwino lomwe kuti maphunziro athunthu sangakhale opanda luso. Limangokumbuka zimenezi pamene mwanayo likumuyesa wofunika.

Tsono tulukani pachipata chimenecho, muyende mtunda wosatopetsa, mufike pa sukulu ya pulaimale yozunguliridwa ndi minda ya fodya. Pamene boma lidachotsa malipiro a sukulu za pulaimale mu 1994, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo tonse tidakondwera. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizidachuluke mofanana ndi anawo. Pa ndandanda wa maphunziro phunziro la zaluso lilipo, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 lili ndi mafunso ake pamodzi ndi phunziro la maluso a moyo. Komatu mayesowo ndi olemba. Mwana angathe kukhoza funso lonena za ng'oma asanaikhudzepo, angathe kutchula maina a mitundu ya utoto asanagwirepo burashi. Mphunzitsi mmodzi amene ali ndi chikhamu cha ana, wopanda pepala lojambulapo, akapanikizika ndi nthaŵi amayamba kudula phunziro lomweli kuti aonjezere masamu ndi Chingelezi. Mphunzitsiyo sitikumuda, pakuti mayeso ndiwo akumuthamangitsa. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana wa wolemera amaphunzira luso ndi manja, wa wosauka amaliphunzira ndi pakamwa.

Ndiponso mwana wa kumunda wa fodya ali ndi mdani wina amene mnzake wa m'tauni samdziŵa, ndiye nyengo. Mvula ikagwa fodya amaokeredwa. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nthaŵi yothyola, yosoka ndi yopachika m'zigafa. Kenaka kusankha magiredi ndi kudinda mabelo opita ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ya ku Kanengo. Miyezi yomweyo ndiyo ya chigawo chachiŵiri cha sukulu. Zala zazing'ono zimene zikadaphunzira kugwira pensulo kapena kukodola nsambo za gitala zimathera tsiku pa masamba onyowa amene amaloŵetsa ululu wa fodya m'thupi kudzera pakhungu, mwana n'kumamva chizungulire ndi nseru. Mu Novembala 2019 dziko la America lidayamba kugwira fodya wa ku Malaŵi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za kugwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa mwalamulo dongosolo la utenanti. Lamulo lidalembedwa, inde. Koma lamulo silikhala pakhomo pa chigafa m'bandakucha. Amene amakhalapo ndi kholo, kapitao ndi mwini munda, ndipo ambiri mwa iwo timagwada nawo pa Misa ya Lamulungu.

Wina angafunse kuti, kodi m'minda imeneyi mulidi luso loti n'kulilirira? Yankho lili ku Wimbe, pafupi ndi Mtunthama pomwepo. William Kamkwamba adaleka sukulu ya sekondale pa njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adasoŵa ndalama. Ndi mabuku obwereka m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale, ndi zitsulo zotola kudzala ndi njinga yakutha, adapanga makina oyendera mphepo opatsa magetsi. Mbiri yake idalembedwa m'buku mu 2009, ndipo mu 2019 idatuluka filimu yake, imene adaitsogolera Chiwetel Ejiofor, yojambulidwa m'dziko muno, mawu ake ambiri ali m'Chicheŵa ndipo Gule Wamkulu akuonekamo. Dziko lonse lidaombera m'manja. Koma manja amene adapanga makinawo sasiyana ndi manja a mnyamata wopinda mawaya kukhala galimoto yokhala ndi chiongolero, kapena a mbusa woumba ng'ombe zadothi kudambo, kapena a uja wopanga banjo ndi chigubu cha mafuta. Mmodzi adapeza kanyumba ka mabuku. Nanga enawo, amene sadapeze kanthu, adalakwanji?

Tsankho limeneli silidayambire m'sukulu zathu. Mizu yake ili kutali. M'chaka cha 1907 wojambula wotchuka Pablo Picasso adaloŵa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Trocadéro mumzinda wa Paris, adaona zosema za anthu a ku Africa, ndipo kajambulidwe kake kadasintha. Lero dzina la Picasso limaphunzitsidwa m'masukulu a dziko lonse, pamene amisiri amene adamtsegula maso adangolembedwa dzina la mtundu wawo, ngati kuti mtundu wonse udagwira sompho imodzi. Ntchito ya mzungu idatchedwa luso, ya munthu wakuda idatchedwa chida cha mwambo kapena chidole chogulitsa kwa alendo. Mu 2018 akatswiri aŵiri, Felwine Sarr ndi Bénédicte Savoy, adaŵerengera kuti m'nyumba zotere za boma la France muli zinthu pafupifupi 90,000 zochokera ku maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Mu 2021 France idabweza 26 ku dziko la Benin. Chiyambi chabwino, koma ŵerengani nokha zotsalazo. Ndipo mzimu womwewo ukadalipo pa msika: wosema wa m'mbali mwa msewu amagulitsa ntchito ya sabata yathunthu pa mtengo wa ndiwo, wogulayo n'kukaigulitsa kunja pa mtengo wa ng'ombe, dzina la mwini wake osatchulidwa.

Chopweteka n'chakuti maganizo ameneŵa adapeza malo m'nyumba za Akhristu. Mawu akuti "zachikunja" akhala ngati dengu lotayiramo chilichonse chosemedwa, choumbidwa kapena choombedwa m'mudzi. Mbiri yake ndi yodziŵika. M'zaka za m'ma 1920 mkangano wa amishoni ndi eni mizinda ya Nyau udakula kwambiri, makamaka ku Mua, mpaka amishoni adapempha boma la atsamunda kuti liletse gule. Wansembe wa chipani cha Montfort, Bambo Matthew Schoffeleers, adalemba za mkanganowu mosabisa. A gule naonso adayankha mwa luso lawo, potulutsa zilombo monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, zoseka alendo ndi chipembedzo chawo. Patapita zaka, bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu wa Acheŵa a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique ndi chimodzi mwa chuma chapamwamba cha mtundu wonse wa anthu.

Timvetsetsane bwino pano. Sitikunena kuti Mkhristu akagule njira kudambwe. Za kuloŵa gule Eklezia ali ndi chiphunzitso chake, ndipo oŵeta nkhosa ndiwo Aepiskopi athu. Ngakhalenso chinsinsi cha eni gule sitikuchikhudza. Pali zinthu zimene mwambo wawo womwe sulola kuti dzina la munthu litchulidwepo. Koma kukana lumbiro ndi nkhani ina, kunyoza dzanja ndi nkhani inanso. Woomba ng'oma amene amadziŵa kulumikiza mpanje ndi mbalule kuti zilankhulane ali ndi nzeru imene wina angaiphunzire zaka zambiri osaitha. Tikamuuza mwana kuti chilichonse chochokera m'manja mwa agogo ake ndi chamdima, ndipo chokongola ndi chokhacho chobwera m'bokosi kuchokera kutsidya kwa nyanja, tamuphunzitsa kudzida yekha, ndipo tamuphunzitsa zimenezo m'dzina la Mulungu amene adamlenga.

Amayi ndiwo oponderezedwa kaŵiri. Ku mapiri a Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene adaloŵa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo zambiri mwa zojambula zoyerazo zimakhudza chinamwali ndi maphunziro a atsikana. Ndiye kuti ena mwa ojambula akale a dziko lino adali amayi. Mpaka lero mayi woumba mtsuko wolungama popanda chikombole, mayi wozira khoma ndi dothi la mitundu itatu, mayi wopeka nyimbo ya chimtali kapena ya pamtondo, onseŵa ndi amisiri. Koma ndani amawatcha dzina limeneli? Timati akugwira ntchito za pakhomo. Ndipo m'makwaya ambiri mtsikana amaloledwa kuimba ndi kuvina, koma ng'oma, gitala ndi kiyibodi zimakhala za anyamata, popanda lamulo lililonse la Eklezia lonena choncho.

Palinso ana a anthu obwera. Kwa zaka zambiri mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi madera ena akumwera akhala akubwera kudzalima fodya m'maesiteti a kuno. Adabwera ndi zilankhulo zawo ndi nyimbo zawo. Taonani mwaŵi wa boma lino: Acheŵa ali ndi Gule Wamkulu, Atumbuka a kumpoto kwa boma lino ali ndi vimbuza, amene UNESCO idawalemekeza mu 2005 momwemo, ndipo Alomwe ali ndi tchopa, amene adalembedwa mu 2014. Eni magule atatu odziŵika pa dziko lonse akukumana pa chigwa chimodzi cha fodya! Koma mwana wa wobwera kaŵirikaŵiri amakhala kumbuyo kwa kalasi, amasekedwa kalankhulidwe, amasamuka nyengo ikatha, ndipo posankha ana a kwaya kapena a seŵero la Khrisimasi palibe amamukumbuka. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu sudapatule mwana wa wantchito.

Tikudziŵa zimene makolo ambiri angayankhe: luso silidyedwa, mwana aphunzire masamu kuti adzapeze ntchito. Mawu ameneŵa sitingawapeputse, pakuti amachokera kwa anthu amene adaiona njala ndi maso. Koma tiyeni tiwayese. Kodi fodya amene tikumudalirayu watilemeretsa? Chaka ndi chaka mlimi amabwerako ku okushoni atamudula ngongole ya feteleza, ya mayendedwe ndi ya ziguduli, n'kutsala ndi zochepa. Nanga mmisiri wa matabwa, telala, wolemba zikwangwani, womanga, woimba pa maukwati, kodi sakudya? Onsewo luso lawo lidayamba ndi diso lophunzitsidwa kuona ndi dzanja lophunzitsidwa kulondola. Ndiponso n'chifukwa chiyani funso lakuti luso limadyedwa kodi silifunsidwa kwa mwana wa nduna? Iye amaphunzira piyano popanda womufunsa phindu lake, chifukwa onse amavomereza kuti ndi munthu wathunthu, wokhala ndi mimba ndi mzimu womwe. Tikamati mwana wa m'chigafa amangofunika chodzaza mimba, tanena kuti iye ndi theka la munthu. Pamenepo ndi pamene pagona tchimo la tsankholi.

Chikhulupiriro chathu sichitilola kuganiza motero. M'buku la Eksodo, pa mutu 31, munthu amene Mulungu adamudzaza ndi mzimu wake kuti akongoletse malo opatulika adali Bezalele, wosula zitsulo ndi wosema miyala ndi mitengo, pakati pa anthu amene adali atangotuluka kumene muukapolo woumba njerwa. Ambuye athu adakulira pa nyumba ya mmisiri wa matabwa. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha za chipembedzo cha pa 4 Disembala 1963, udaphunzitsa kuti Eklezia alibe kajambulidwe kamodzi kamene amakayesa kakekake, kuti luso la mitundu yonse ndi maiko onse lipatsidwe malo m'tchalitchi, ndi kuti Aepiskopi asamalire amisiri. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, amene adatichezera kuno mu 1989, adalembera amisiri a dziko lonse kalata mu 1999 yowauza kuti Eklezia akuwafuna. Ndipo Aepiskopi athu, m'kalata yawo ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992, adadzudzula poyera kusiyana kwa olemera ndi osauka ndi mavuto a m'masukulu. Ziphunzitso zilipo zokwanira. Chosoŵa ndi kuzitsitsa m'kabati.

Kuti n'zotheka taziona kale. Ku Mua, kumene kudali mkangano uja, Bambo Claude Boucher Chisale a chipani cha White Fathers adayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Anyamata a m'midzi yozungulira, ambiri osapita patali ndi sukulu, adaphunzira kusema, ndipo ntchito zawo zidakongoletsa matchalitchi a m'dziko muno mpaka kachalitchi ka bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany. Pomwepo pali nyumba ya Chamare yosunga chikhalidwe cha Acheŵa, Angoni ndi Ayao. Ku Balaka, gulu la Alleluya Band lidabadwira pa parishi mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo m'menemo mudakulira Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, amene nyimbo zawo zidamveka m'nyumba iliyonse ya dziko lino. Ana a ku Mua ndi a ku Balaka sadabadwe ndi zala zisanu ndi chimodzi. Adangopeza munthu wowatsegulira khomo. Kodi Kasungu adikire mpaka kubwere mlendo wina wa kalumo kakuthwa?

Ayi, pagule fumbi ndiwe mwini. Chida tili nacho kale, ndicho miphakati, imene idazika mizu m'dayosizi ya Lilongwe kuyambira pa sinodi ya 1973 mpaka 1975 m'nthaŵi ya Ambuye Patrick Kalilombe. Mphakati uliwonse ukhale pansi ndi kutchula maina a amisiri ake: woumba, woluka mphasa ndi malichero, wosema mitondo ndi mipini, wokunga ng'oma, wopeka nyimbo. Loŵeruka, katekisimu akatha, apatsidwe ola limodzi ndi ana, ndipo alandire kangachepe, pakuti wantchito ayenera malipiro ake. Dothi lili kudambo, mlaza ndi bango zilipo, makala ojambulira ali pamoto. Zimenezi sizidikira thandizo lakunja. Ndipo pa ola limenelo oyamba kuitanidwa akhale aja amene nthaŵi zonse amaiŵalika: atsikana, ana a antchito a m'maesiteti, ana olumala ndi ana achialubino.

Makhonsolo a maparishi, mukafuna mtanda, guwa, zithunzi za Njira ya Mtanda kapena khola la Khrisimasi, yambani mwafunsa amisiri a kwanu musanatumize ndalama kutali. Alipireni mtengo woyenera, osawanyengerera kuti agwire ulere chifukwa ndi ntchito ya Mulungu pamene wogulitsa simenti mwamulipira zonse, ndipo dzina la mmisiriyo lilembedwe pa ntchito yake. Inu a m'makomiti a sukulu, funsani ngati nthaŵi ya phunziro la zaluso ikusungidwa, ndipo pemphani aphunzitsi aakulu kuti amisiri a m'mudzi aziloŵa m'kalasi ngati alendo olemekezeka. Inu eni minda ndi akapitao amene mumalandira Ukaristia, dziŵani kuti mwana amene ali m'chigafa chanu nthaŵi ya sukulu akulipira phindu lanu ndi tsogolo lake. Kwa a boma tikuti: pa koleji ya aphunzitsi ya Kasungu ndi makoleji ena, aphunzitsi azituluka atagwirapo dothi ndi ng'oma, ndipo ntchito ya manja a mwana iziŵerengedwa pa mayeso, pakuti chimene sichiyesedwa sichiphunzitsidwa. Maphunziro apamwamba a zaluso ali ku Zomba ndi ku Thyolo. Mwana wa ku Chulu, ku Santhe kapena ku Kaluluma sangakafikeko ngati njira yake idatsekedwa ali Sitandade 3.

Potsiriza tikulankhula nanu, bambo ndi mayi a pakhomo, pakuti m'mera mpoyamba. Mukapeza mwana wanu akujambula pansi ndi kamtengo, kapena akugogoda chidebe mwa dongosolo lodabwitsa, musafulumire kunena kuti akutaya nthaŵi. Imani pang'ono, muyang'ane, mumufunse chimene akupanga. Mwina n'kuseŵera chabe, ndipo kuseŵerako ndi ufulu wake. Mwinanso ndi talente imene Mwini wake adzabwera kudzaifunsa. Pa fanizo lija wantchito adakwirira talente yake yekha, n'kudzudzulidwa koopsa. Nanga adzamva mawu otani munthu amene adakwirira talente ya mwana?